Chogwirira chitseko chikamagwedera mobwerezabwereza

Funso: Chogwirira cha chitseko cha kuchipinda kwathu chakhala chikugwedera kwa miyezi ingapo. Ndikamanga masikuluwu ake chimalimba masiku ochepa, kenako chimayambiranso, ndipo tsopano sikuluwu imodzi ikungozungulira osagwira. Chogwiriracho chayambanso kuweramira pansi m'malo mobwerera pamalo pake, ndipo chitsekocho sichitsekeka pokhapokha nditachikankha ndi phewa. Chitsekocho ndi chathabwa, ndipo loko wake ndi wolowa mkati mwa thabwalo. Kodi ndingakonze ndekha, kapena ndigule loko watsopano? Mayi wina wowerenga.

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, limene mwalifotokoza bwino moti munthu angathe kuliona vutolo asanafike n'komwe pachitsekopo. Ntchitoyi mungaigwire nokha, ndipo n'zokayikitsa kuti loko yense wawonongeka. Koma ndikupempheni kuti muyambe mwasiya kumanga masikuluwuwo, chifukwa pamene zafikapa kumanga kulikonse kukungokulitsa mabowo. Mwatchula zinthu zitatu: kugwedera, kuwerama kwa chogwirira, ndi chitseko chofuna phewa kuti chitsekeke. Anthu ambiri amaziona ngati mavuto atatu osiyana, pamene kawirikawiri lachitatulo ndi limene limabala awiri enawo. Amene wakonza chogwirira chokha n'kusiya chitseko chikukhula pafelemu amapezeka kuti pakangotha milungu yochepa wabwereranso pa ntchito yomweyo.

Kuti mudziwe pamene pakhwefuka, ndi bwino kudziwa kaye mmene zinthuzi zimagwiranirana. Zogwirira ziwiri, cha mkati ndi cha kunja, zimalumikizidwa ndi kandodo kachitsulo ka ngodya zinayi kamene amisiri amakatcha spindle. Kandodoka kamadutsa m'chitseko kupyola pabowo la ngodya zinayi la m'loko, ndipo mukatsitsa chogwirira kamazungulira n'kukoka lilime la loko, lija lopendekeka limene limalowa m'felemu chitseko chikatsekedwa. Tindodo tambiri timakhala ta mamilimita 8 mbali iliyonse, ngakhale kuti tilipo tina ta mamilimita 7. Chogwirira chilichonse chimakhala pa puleti, yaitali kapena yozungulira, ndipo puletiyo ndi imene imamangidwa kuchitseko ndi masikuluwu. Ndiye kuti malo amene angakhwefuke ndi anayi: pamene puleti yagwira thabwa, pamene khosi la chogwirira lagwira puleti, pamene chogwirira chagwira kandodo, ndi pamene kandodo kalowa m'loko. Masikuluwu amene mwakhala mukumanga amakhudza malo oyamba okha.

Musanachotse chilichonse, tsegulani chitseko ndipo muchipinge ndi kanthu pansi kuti mphepo isachimenyetse. Mfundo imeneyi ndimaiumirira kwambiri, chifukwa chitseko chikatsekeka zogwirira zitachotsedwa, munthu amatsala m'chipinda alibe chokokera lilime lija, ndipo zimaopsa kwambiri ngati wotsekeredwayo ndi mwana kapena munthu wodwala. Ndi bwino kukankhira lilimelo mkati n'kulimata ndi tepi mpaka ntchito itatha. Zitachitika kuti chatsekeka, lowetsani sikuludiraiva yophwatalala m'bowo la ngodya zinayi, igwire ngodya ziwiri zoyang'anana, n'kuizungulitsa monga mmene chogwirira chimazungulirira, lilime lidzabwerera.

Tsopano fufuzani ndi manja. Ikani chala m'mphepete mwa puleti pamene yakhudzana ndi thabwa, ndipo dzanja linalo ligwedeze chogwirira m'mwamba ndi pansi. Mukamva puleti ikusuntha pansi pa chalacho, vuto lili pa masikuluwu ndi thabwa. Puleti ikakhala chilili koma khosi la chogwirira likusewera m'bowo lake, vuto lili kuseri kwa puleti. Kenako kokerani chogwirira kwa inu. Chikamasololoka, ndiye kuti chataya kandodo. Pomaliza gwirani chogwirira cha mbali imodzi kuti chisasunthe, muyese kutsitsa chinzake: chikatsika kamtunda ndithu chinzakecho chisanamve kanthu, kandodo kapena mabowo amene kamalowamo adyeka. Kufufuza kumeneku sikutenga nthawi, koma ndi kumene kumasiyanitsa kukonza ndi kungoyesayesa.

Malinga ndi zimene mwalemba, ndikukhulupirira kuti mupeza puleti ikusuntha, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka chitseko chenichenicho. Zitseko zambiri za m'nyumba zimakhala zochindikala mamilimita 35 mpaka 44. Poika loko wolowa mkati, kalipentala amagoba mphako ya mamilimita pafupifupi 15 pakati pa thabwalo, ndiye kuti pa chitseko cha mamilimita 40 mbali iliyonse kumatsala thabwa la mamilimita 12 kapena 13 okha. Kathabwa kopyapyala kameneka ndi kamene kamasenza mphamvu ya dzanja la aliyense wolowa ndi wotuluka, tsiku ndi tsiku. Sikuluwu ikangokhwefuka pang'ono puleti imayamba kusewera, ndipo kusewerako kumakukuta thabwa lozungulira mazinga monga mmene mzati wozikidwa m'dothi umakulitsira dzenje lake ukamagwedezedwa. Mukaimanganso, mazinga amagwira tizidutswa tochepa ta thabwa timene tatsala, n'chifukwa chake imaoneka yolimba masiku angapo. Pamapeto pake tizidutswato timatha, m'bowo mumangotsala fumbi, ndipo sikuluwu imazungulira popanda chogwira.

Bowo lotere limakonzeka mwa kulibwezera thabwa. Chotsani masikuluwu onse ndi zogwirira zonse ziwiri, sololani kandodo, ndipo muike zonse m'kabokosi kuti pasatayike kanthu. Uzirani m'bowo kuti fumbi lichoke. Tengani timitengo ta machesi, muthyole mitu yake, mutipake guluu wa matabwa, woyera uja, n'kutilowetsa m'bowo kamodzikamodzi mpaka kotsiriza kalowe mochita kukhomerera pang'ono ndi hamala. Samalani kuti tisapyole n'kulowa m'mphako ya loko. Yezani kaye kuya kwa bowo ndi kamtengo kamodzi, kapena bwino koposa sololani loko yenseyo, amene amagwidwa ndi masikuluwu awiri okha a m'mphepete mwa chitseko. Guluu wosefukira pamwamba mupukute ndi kansalu konyowa asanaume, ndipo nsonga zotsala kunja muzidule ndi mpeni wakuthwa kuti zifanane ndi nkhope ya chitseko. Mukatero dikirani. Guluu wa matabwa amayamba kugwira pasanathe ola limodzi, koma amalimba kwenikweni pakatha maola 24, ndipo ntchito zambiri zotere zimalephereka chifukwa chakuti mwini wake anafulumira kubwezera sikuluwu guluu adakali wamadzi, timitengo n'kumangozungulira limodzi ndi sikuluwuyo. Tsiku lotsatira boolani kabowo kotsogolera sikuluwu, ka mamilimita pafupifupi 2, ndi makina obowolera kapena ndi kamsomali kakang'ono, kuti sikuluwu ilowe pakati penipeni ndipo isapatukire kumbali.

Ngati bowo lakula moti machesi anayi kapena asanu sakulidzaza, kapena thabwa lozungulira lafumbwa, njira yolimba ndi kuikapo kamtengo kozungulira kamene makalipentala amalumikizira matabwa, kotchedwa dowel, ka mamilimita 6 kapena 8. Loko atachotsedwa, boolani bowo loyera lofanana ndi kamtengoko, mukapake guluu, mukakhomere, ndipo kakauma mukadule mofanana ndi chitseko. Chimene sindikulangizani konse ndi kutseka bowo ndi mapepala, nsanza, pulasitiki kapena phala lomatira ming'alu. Zinthu zimenezi zimadzaza malo koma sizigwira mazinga, ndipo phala limanyenyeka sikuluwu ikangolowamo. Msomali nawonso suyenera kufika pa chogwirira: ulibe mazinga, umasololoka ukamakokedwa, ndipo pokhoma mungapinde bokosi la loko limene lili kuseri.

Ena adzakuuzani kuti mungogula masikuluwu aatali. Malangizo amenewo ndi abwino pa mahinjesi, koma pa chogwirira ndi ofunika kusamala nawo, chifukwa kuseri kwa kathabwa kopyapyala kaja kuli chitsulo cha loko. Sikuluwu yaitali imakagunda chitsulocho n'kuima mutu wake usanapanikize puleti, ndipo munthu akaumirira kuimanga imang'amba thabwa kapena kufinya loko mpaka lilime ndi kiyi kuyamba kuyenda movutikira. Pa puleti yaitali, nthawi zina mabowo a pamwamba penipeni kapena a pansi penipeni amakhala kunja kwa dera la loko, ndipo ndi pamenepo pokha pamene sikuluwu yotalikirapo ingathandize, malinga isatulukire mbali ina ya chitseko. Sikuluwu yonenepako pang'ono ya utali womwewo imathandiza kuposa yaitali, ngati mutu wake ukukhala bwino pabowo la puleti.

Njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, makamaka pa chitseko chotsegulidwa kawirikawiri, ndi ya mabawuti opyoza chitseko. Iliyonse ili ndi mbali ziwiri: bawuti yopyapyala, kawirikawiri ya mamilimita 4, ndi kapaipi kokhala ndi mutu wake ndi mazinga mkati. Bawuti imalowa pa puleti ya mbali ino, kapaipi kamalowa pa puleti ya mbali inayo, ndipo zimakumana mkati mwa chitseko n'kumangana. Zikatero mapuleti awiriwo amakokana okhaokha chitseko chili pakati pawo, ndipo mphamvu ya dzanja siidaliranso mazinga ogwira m'kathabwa kochepa. Maloko ambiri amakono ali ndi mabowo odutsira mabawuti amenewa m'mbali mwa bowo la kandodo, ndipo pa zogwirira zambiri za puleti yozungulira mabowowo amatalikirana mamilimita 38. Loko wanu akakhala kuti alibe, gwiritsani ntchito mabowo a puleti amene ali pamwamba kapena pansi pa dera la loko, koma musayese kuboola loko mwiniwakeyo. Poboola chitseko, boolani theka kuchokera mbali ino ndi theka kuchokera mbali inayo, kuti mabowo akumane molunjika ndiponso kuti thabwa lisathetheke potulukira. Pa chitseko cha panja, mutu wa bawuti umene umamasulidwa ndi sikuludiraiva ukhale mkati mwa nyumba. Ndimadandaula kuona kuti mabawuti amenewa nthawi zina amabwera limodzi ndi zogwirira zatsopano koma amasiyidwa m'pepala, chifukwa woikayo anaona kuti kulunjikitsa mabowo kumuchedwetsa.

Pali mitundu iwiri ya zitseko imene machesi ndi guluu sizithandiza kwenikweni. Woyamba ndi wa zitseko zopepuka zimene mkati mwake ndi mwamphako, zokutidwa ndi kathabwa ka mamilimita atatu kapena anayi mbali zonse. Zimenezi zimakhala ndi chipika cha thabwa mkati poika loko, nthawi zambiri mbali imodzi yokha, ndipo chitseko chikapachikidwa mosemphanitsa masikuluwu amangogwira chikopa chakunjacho. Gogodani ndi chala pafupi ndi chogwirira: pamene pali chipika pamamveka mogonthera, pamene palibe pamalira ngati bokosi lopanda kanthu. Wachiwiri ndi wa zitseko zachitsulo, zimene lata lake limagwira mazinga awiri kapena atatu okha. Pa mitundu yonse iwiri mabawuti opyoza ndiwo yankho, kungoti pa chitseko champhako musamange kwambiri, kuopa kuti nkhope yake ingalowe mkati.

Kamangidwe kenikeniko nakonso kali ndi luso lake. Masikuluwu a mutu wa mtanda ali mitundu iwiri yofala, Phillips ndi Pozidriv, ndipo wachiwiriwo umadziwika ndi timizere tinayi ting'onoting'ono tapakati pa mikono ya mtandawo. Sikuludiraiva ya mtundu wina imalowa ndithu m'mutu wa mtundu winawo, koma imaterereka ikakumana ndi mphamvu, ndipo imadya mutuwo mpaka osamasulikanso. Sankhani yokhala bwino osagwedera, ikankheni molunjika, ndipo mumange ndi dzanja. Makina omangira samva pamene sikuluwu yafika, ndipo m'kathabwa kopyapyala kuzungulira kumodzi kowonjezera n'kokwanira kuthyola mazinga amene mwangokonza kumene. Mutu ukakhudza puleti ndipo puleti yasiya kusuntha, onjezerani pang'ono chabe n'kuleka. Kupaka phula la kandulo pa mazinga kumathandiza kuti sikuluwu ilowe mosavuta, makamaka yamkuwa imene imaduka msanga m'thabwa louma.

Owerenga ena adzayang'ana chogwirira chawo n'kusaona sikuluwu ngakhale imodzi. Pa zogwirira za puleti yozungulira masikuluwu amabisika pansi pa chophimba, chimene chimachoka pochizungulitsa ndi dzanja kapena pochitukula ndi nsonga ya sikuludiraiva yophwatalala pa kampata kamene kamakhala m'munsi mwake; ikani kansalu pansi pa sikuludiraivayo kuti isakande penti. Pa zogwirira zobulungira zija zodzaza m'dzanja, fufuzani kabowo kapena kamng'alu pakhosi pake, mukankhe kachitsulo ka mkatimo ndi waya wolimba uku mukukoka chobulungiracho, ndipo chidzasololoka. Chophimba chikachoka mudzaona masikuluwu awiri aatali amene amalumikiza mbali ziwirizo, ndipo nthawi zambiri kumanga amenewo kumathetsa nkhani.

Ngati pofufuza paja chogwirira chinasololoka, yang'anani pansi pa khosi lake, mwina ndi tochi, ndipo pa zogwirira zambiri mudzapeza kasikuluwu kopanda mutu kamene kamapanikiza kandodo. Kamamangidwa ndi kakiyi kopindika ka ngodya 6 kotchedwa Allen key, kawirikawiri ka mamilimita 2.5 kapena 3. Musangokamanga pamene kali. Masulani ta mbali zonse ziwiri, muonetsetse kuti kandodo katuluka mofanana uku ndi uku, ndipo ngati kali ndi ngalande kapena mng'alu m'litali mwake, mbali imeneyo iyang'ane kumene kuli kasikuluwuko kuti nsonga yake ikalowemo. Kankhirani zogwirira zonse ziwiri kuchitseko nthawi imodzi, ndipo mumange zili chikankhire. Kasikuluwu kamene kamamasuka kokha mobwerezabwereza kamafuna dontho limodzi la mankhwala ogwiritsa mazinga, a mphamvu yapakati, amene kawirikawiri amakhala abuluu. Ofiira ndi amphamvu kwambiri moti pomasula amafuna kutenthetsa chitsulo, ndipo guluu wouma nthawi yomweyo uja angayenderere n'kumata zinthu zoyenera kuzungulira.

Kandodo kakhale m'manja mwanu kanthawi, mukayang'anitsitse. Ngodya zake ziyenera kukhala zakuthwa. Zikakhala zonyezimira ndi zoperepeseka, kagwira ntchito yake ndipo kamagulidwa pakokha popanda kusintha loko. Utali wake ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Kakafupika kamalowa pang'ono chabe m'chogwirira, mphamvu yonse n'kugwera pansonga, ndipo bowo la chogwirira limadyeka msanga. Kakatalika mapuleti sakhala phwatalala pachitseko, ndipo masikuluwu amakhala akulimbana nako usana ndi usiku mpaka thabwa kugonja. Yesani motere: lowetsani kandodo, muveke zogwirira zonse ziwiri popanda sikuluwu, n'kuzikankha ndi manja. Mapuleti akakhudza thabwa mbali zonse, utali uli bwino. Pakatsala mpata, dulani kandodoko pang'ono ndi sowo ya zitsulo ndi kusalaza nsonga yake ndi tupa. Ngati chodyeka ndi bowo la m'chogwirira, zimene zimachitika pa zogwirira za aluminiyamu kapena zinki chifukwa ndi zofewa kuposa kandodo, kachidutswa kopyapyala ka chitini kolowetsedwa mbali imodzi kamachepetsa kusewera kwa kanthawi, koma chogwirira chotero chili pafupi kusinthidwa.

Mukatembenuza puleti mudzaona mmene khosi la chogwirira lagwidwira. Nthawi zambiri pamakhala kamphete kachitsulo kodukiza kamene kamakhala m'ngalande yozungulira khosilo, pansi pake pali washala, ndipo pa zogwirira zina palinso sipuling'i yopiringizika. Kamphete kakatuluka m'ngalande yake kangabwezedwe, ndipo washala wodyeka angasinthidwe ndi wina wofanana naye. Kamphete kameneka kamadumpha mwamphamvu kakapulumuka, choncho tetezani maso ndipo mugwirire ntchito patebulo loyalidwa nsalu. Bowo la puleti likakhala kuti latambasuka, kapena khosi linachita kukhomereredwa kufakitale popanda kamphete, palibe chokonza pamenepo.

Tibwere ku kuwerama kwa chogwirira chanu. Chimene chimabweza chogwirira pamalo pake ndi sipuling'i ya m'loko, ndipo pa zogwirira zambiri imathandizidwa ndi ina ya kuseri kwa puleti. Zogwirira zili pansi, tsitsani chilichonse pachokha puleti mutaigwira m'dzanja: chikabwerera chokha mwachangu, sipuling'i yake ili bwino. Kenako chotsani tepi ija, mukankhe lilime la loko ndi chala n'kulisiya, ndiponso muzungulitse bowo la ngodya zinayi ndi kandodo. Lilime liyenera kutuluka nthawi yomweyo, lonse. Likamatuluka mwaulesi kapena kutsalira mkati, loko wadzaza fumbi kapena sipuling'i yake yafooka. Masipuling'i a zogwirira amasinthika, koma a chogwirira cha kumanja ndi cha kumanzere nthawi zambiri amapiringizika mosiyana, choncho pokagula tengani yakaleyo. Komabe musafulumire kuiimba mlandu sipuling'i. Puleti imene yakhala ikugwedera kwa miyezi imatsetserekera pansi, kandodo kamapendekeka n'kumakhula m'mphepete mwa bowo la thabwa, ndipo sipuling'i yabwinobwino imalephera kubweza chogwirira chifukwa cha kukhulako. Pa vuto ngati lanu, nthawi zina kuwerama kumatha kokha puleti ikabwerera pamalo pake.

Loko ali kunja, mpukuteni ndi kaburashi kuti fumbi ndi tizidutswa ta thabwa zichoke, ndipo mupake girisi pang'ono kapena mafuta opepuka a makina pa lilime ndi pozungulira bowo la kandodo. Mafuta ophikira musawayandikitse, chifukwa pakapita nthawi amanata n'kugwira fumbi. M'bowo la kiyi mumafunika chouma, ndipo kupaka mtima wa pensulo pa kiyi n'kumulowetsa kangapo n'kokwanira. Bokosi la loko musalitsegule pokhapokha pali chifukwa, ndipo ngati mwaganiza zolitsegula, jambulani kaye ndi foni mmene tizitsulo ta mkatimo tasanjidwira, pakuti tikasinthana malo kiyi sadzazunguliranso.

Tsopano chitseko chenichenicho, chimene ndikuchiona kuti ndi gwero la zonse. Chitseko chikamakana kutsekeka, aliyense wa m'nyumba amachikoka ndi kuchinyamula pogwiritsa ntchito chogwirira, chimene chinapangidwira kukoka lilime lokha. Chitsekeni pang'onopang'ono muyang'ane mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu. Uyenera kukhala wofanana kuzungulira konse, pafupifupi mamilimita atatu. Mpata ukakhala waukulu pamwamba kumbali ya loko, kapena ngodya ya pamwamba ya mbali imeneyo ikamagunda felemu, chitseko chagwa. Chitsegulireni theka, muchigwire m'mphepete ndi manja awiri n'kuchinyamula pang'ono: mukamva chikudumpha, mahinjesi akhwefuka. Hinjesi ya pamwamba ndi imene imavutika kwambiri chifukwa kulemera kwa chitseko kumaikokera kunja kwa felemu nthawi zonse. Mabowo ake amakonzedwa ndi machesi kapena dowel monga tafotokozera, ndipo pano ndi pamene masikuluwu aatali ali pamalo pake, popeza kuseri kuli thabwa lokwanira. Ikani chinthu pansi pa chitseko kuti chichirikize kulemera kwake, ndipo mukonze hinjesi imodzi nthawi imodzi. Pa felemu lachitsulo, limene mahinjesi ake amakhala owotcherera, onani masikuluwu a mbali ya chitseko ndi kachitsulo kapakati kamene hinjesi imazungulirapo.

Mahinjesi akakhala olimba koma chitseko chikukanabe, fufuzani pamene chikukhula. Penti wopalika kapena malo onyezimira m'mphepete amaulula, ndipo pepala lolowetsedwa mumpata chitseko chili chotseka limaima pamalo pomwepo. Thabwa limatupa likamwa chinyezi n'kufota kukauma, ndipo zitseko zambiri zimamwa chinyezicho kudzera m'mphepete mwa pamwamba ndi mwa pansi, mmene opaka penti amakonda kuiwala chifukwa simuoneka. Palani pang'ono ndi puleni kapena sandipepa pamalo okhulawo, kenako mupake penti kapena vanishi m'mphepete monse. Musapale mopitirira nthawi ya chinyezi, chifukwa kukauma mudzatsala ndi mpata waukulu. Ngati thabwa silikukhula paliponse koma lilime silikulowa, lipakeni choko, mutseke chitseko n'kutsegula, ndipo chokocho chidzasonyeza pamene likugunda pa kachitsulo ka pafelemu. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri kumatha ndi tupa. Kukaposa pamenepo, kachitsuloko kasunthidwe, mabowo akale atsekedwe ndi thabwa. Chitseko chokonzeka bwino chimatsekeka ndi zala ziwiri, lilime n'kumveka likulowa lokha. Ndi bwinonso kuwauza a m'nyumba kuti chogwirira si popachika zikwama kapena zovala zonyowa, ndipo ana asamalendewerepo.

Pobwezera zinthu, yambani ndi loko, kenako kandodo, kenako zogwirira zonse ziwiri. Lowetsani masikuluwu onse pang'onopang'ono osamanga ngakhale imodzi, mutsitse chogwirira kangapo kuti mapuleti apeze okha malo amene kandodo kakuyenda momasuka, ndipo pokhapo muyambe kumanga mosinthanasinthana, ya pamwamba kumanzere kenako ya pansi kumanja, uku mukuyesa chogwirira. Chikayamba kuuma mutangomanga sikuluwu inayake, ndiye kuti ikukokera puleti kumbali. Imasuleni, muwongole puleti, n'kumanganso. Yesani lilime ndi kiyi chitseko chili chotsegula, mbali zonse ziwiri, ndipo potseka koyamba pakhale munthu wina kunja kwa chipinda. Pakatha mlungu umodzi yang'ananinso masikuluwuwo, chifukwa thabwa latsopano la m'mabowo limaphwera pang'ono.

Loko watsopano mudzamufuna pokhapokha ngati lilime likutsalirabe mkati mutatsuka ndi kupaka mafuta, ngati bowo la ngodya zinayi la m'loko labulungira kapena lang'ambika moti kandodo katsopano kakuseweramo, kapena ngati bokosi lake lapindika ndi dzimbiri. Zogwirira zimasinthidwa pazokha, ziwiri pamodzi, loko n'kukhala yemweyo. Musanagule chilichonse yezani zinthu zitatu: kuchindikala kwa chitseko, mtunda wochokera m'mphepete mwa chitseko kufika pakati pa bowo la kandodo, umene pa maloko ambiri ndi mamilimita 44 kapena 57, ndi mtunda wochokera pakati pa bowo la kandodo kufika pa bowo la kiyi, umene umasiyana kwambiri pakati pa maloko, ena 57, ena 72, ena kuposa pamenepo. Muyeso wotsirizawu ukasemphana ngakhale pang'ono, bowo la kiyi la pa puleti silikumana ndi la m'loko. Chophweka koposa ndi kutenga loko wakaleyo pamodzi ndi chogwirira chimodzi ndi kandodo kake, n'kuzifanizira ndi zatsopanozo musanalipire, ndipo ngati pali zosankha, tengani zogwirira zolemera m'dzanja zokhala ndi sipuling'i yakeyake ndi mabowo olola mabawuti opyoza.